Mutengere Chitsanzo pa Elube

Ga-Rankuwa
9 Malichi 2003

Amake Aliya,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, Aliya, amayi ndi onse a pakhomo. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kupatula chimfine chimene ndachitola m'tekisi.

Ndatumiza katoni kudzera kwa Yahaya wa transipoti uja. Muli shuga, sopo, mafuta ophikira, bulangeti la amayi ndi nsapato zofiira. Nsapatozo ndi za mng'ono wanu Fadila, poti ndamva kuti wabwera kudzakhala nanu, ndipo ulendo watha anandinyamulira chikwama mpaka pa basi. Zanu ndidzaona mtsogolo, phazi lanu sindikulikumbukira bwino.

Tsopano mvetserani. Chimanga chikangouma musadikire Habibu, mukudziwa kuti mng'ono wangayo msana wake umadwala nyengo yokolola. Amayi muziwasambitsa ndi madzi ofunda, ndipo phala lawo lizikhala lopanda mibulu. Mbuzi yabere ija muziimangirira kutali ndi nandolo. Denga la khitchini likudontha, mwetani udzu msanga anthu asanayambe kutentha tchire. Aliya asajombe ku madrasa.

Amjomba anu a ku Ntaja andilembera kalata yaukali. Akuti ine ndinakubwerekani miyezi itatu yokha kuti mukadwazike amayi ku Namwera, ndipo miyezi itatuyo yakwana zaka zisanu ndi ziwiri. Akuti kwathu mwamuna ndiye amapita kukamanga kwa mkazi, ndipo ikafika Idi ndisanakubwezeni adzabwera okha kudzakutengani, ukwati n'kukhala nkhani ya ankhoswe. Sindikutsutsa, kuwerenga zaka amatha. Koma munthu akabwereka khasu sumulanda munda uli pakati. Ndiponso inuyo simunadandaulepo. Kalata zanu zonse zimathera pa mawu akuti chabwino, ndipo ine ndikawerenga mawu amenewo ndimagona tulo tabwino.

Ku fakitale ya ku Rosslyn ntchito ikuyenda, kungoti mzere wathu wa mipando ya galimoto aupumitsa kaye. Akuti ndi kanthawi chabe. Mabwana akati kanthawi sudziwa ngati ndi ka pa wotchi kapena ka pa kalendala. Amayi musawauze zimenezi.

Ndine mwamuna wanu,
Kalimu


Pretoria North
18 Meyi 2003

Amake Aliya,

Mtendere ukhale nanu. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti chimanga munakolola awiriwiri ndi Fadila. Ine chimfine chinatha, kwatsala kuphwanya kwa m'chiuno.

Musadabwe ndi keyala yatsopanoyi. Ku Rosslyn kanthawi kaja kakupitirirabe, choncho ndapeza malo pakhomo pa anthu akwathu. Bambo ndi a Phillip, amagwira ntchito mu ofesi m'tauni. Mayi ndi a Theresa, kwawo ku Dedza, ndipo ali ndi kamwana kamodzi, Kevin. Ntchito yanga ndi yoyang'anira makina. Ndi ang'onoang'ono poyerekeza ndi a ku fakitale, koma ndi ambiri: ena amazungulira, ena amatentha, ena amayamwa fumbi. Anthu akafunsa muzingoti bambo a Aliya ali ku makina, simukhala mutanama.

Mayi Theresa akuphunzira ku yunivesite, ndipo mayeso awo onse ali pa buku limodzi la Chichewa lotchedwa Mtondo Sudandaula. Analemba ndi bambo wina wakale, mphunzitsi. Tangoganizani, munthu wamkulu, wa mwana, chaka chachiwiri akulimbana ndi kabuku koti Aliya akhoza kukamaliza pa sabata. Amandiwerengera mokweza ine ndili pa makina otentha aja, n'kumandifunsa za kumudzi, poti iwo anakulira m'tauni ndipo sadziwa kusiyana kwa kukonola ndi kutibula.

Bukulo ndi lokoma, amake Aliya. Muli mayi wina dzina lake Elube. Mwamuna wake, a Grain, anapita ku migodi, iye n'kutsala pakhomo pa apongozi. Amadzuka nkhuku zisanatuluke, amatunga, amasinja, amalima, amasambitsa apongozi, amaphikira azilamu ake atatu, ndipo palibe tsiku limene anakwinya nkhope. Ine ndinawauza mayiwo kuti wolembayu ayenera kuti anadutsa ku Namwera n'kukuonani. Ndinkayesa ndikuyamikira, koma iwo anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali ngati ndaswanso mbale ina.

Akuti iwo amawerenga mwa ufeminisiti. Ndinafunsa kuti mpingo umenewo umapemphera tsiku liti. Anati si mpingo, ndi kuwerenga buku uku ukufunsa kuti akugwira ntchito ndani, akudya ndani, akulankhula ndani. Ndinawauza kuti amenewo ndi mafunso a wapolisi, ife buku timawerenga kuti timve kukoma. Zoti munthu n'kupatsidwa digiri chifukwa chokwiyira kabuku ndazionera ku Joni kuno.

Amjomba anu ndawayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu pitirizani monga mwa masiku onse. Nkhokwe muimate bwino chifukwa cha makoswe. China, zovala zoyera musamaziphatikize ndi zofiira pochapa. Musandifunse kuti ndadziwa bwanji.

Wanu,
Kalimu


Pretoria North
13 Julayi 2003

Amake Aliya,

Moni nonse. Ndamva kuti amayi akupezako bwino ndipo ndathokoza Mulungu. Inu mwalemba kuti mutu umakuwawani madzulo. Muzimwa madzi ambiri. Kuno kwazizira moti mpopi wapanja umauma m'mawa, ndipo zala zanga zang'ambika. Ndi makina.

Tinakangana ndi Mayi Theresa sabata yatha. Iwo atenga cholembera chofiira n'kuwerenga malo onse amene Elube akutsegula pakamwa m'buku monse. Akuti ndi khumi ndi anayi. Khumi ndi awiri akunena kuti chabwino, awiri otsalawo akuitana nkhuku. Akuti njinga ya a Grain wolemba waifotokoza masamba awiri, belu lake, kaliyala wake, ngakhale kulira kwa tcheni, koma Elube sitikudziwa ngati ndi wamtali kapena wamfupi. Akutinso munda amalima Elube, koma tsiku logulitsa fodya buku limati fodya wa a Grain. Ine ndinayankha kuti mkazi wabwino sachita kumufotokoza, utsi wa ku khitchini kwake umamufotokoza wokha.

Pamenepo anandifunsa kuti, "A Kalimu, mtondowu sudandaula chifukwa ulibe pakamwa, kapena chifukwa amene walemba bukuli ndi yemweyo wagwira munsi?"

Yankho ndinali nalo, kungoti nthawi yomweyo a Phillip anaitanitsa tiyi ali pa sofa, mayi anapitiriza kulemba, ndipo tiyiyo anapita ndi ine.

Tsopano nkhani yaikulu. Mayi agula buku lina latsopano, ndipo mapepala amene anachita kujambulitsa pa makina andipatsa ine kuti ndikataye. Ine ndaona kuti chuma chotere sichitayidwa. Ndawaika m'katoni pansi pa sopo. Muwerenge pang'onopang'ono, tsamba lililonse. Zolemba zofiira za m'mbalizo musazisamale, mayiwa akakwiya amalemba m'Chichewa ndipo amakwiya pafupipafupi. Ine bukuli ndalimva lonse, ndipo ndagwirizana ndi wolemba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mutengere chitsanzo pa Elube. Zonse zimene iye anapeza chifukwa cha kupirira kwake, ndikukufunirani inunso zomwezo ndi mtima wanga wonse. Mukamaliza muwerengereko amjomba anu, mwina angafewe.

Mulinso duku yobiriwira ya Fadila, ndinaipeza yotchipa. Mwana ameneyu wakula tsopano. Muzimuphunzitsa kuphika mmene amayi amakondera ndiponso mmene ine ndimakondera, kuti tsiku limene inu simudzakhalapo moto usadzazime pakhomo.

Khola la mbuzi likonzedwe mwezi uno.

Mwamuna wanu,
Kalimu


Pretoria North
14 Seputembala 2003

Amake Aliya,

Asalamu alaikumu. Sindikudziwa ngati muli bwino, chifukwa papita miyezi iwiri osaona dzanja lanu. Ine ndili bwino m'thupi.

Yahaya wafika dzana. Kalata sanabweretse, koma wandipatsa jumbo, ndipo mkati mwake muli nsapato zofiira zija ndi duku yobiriwira. Akuti Fadila anachita kumuponyera ali patali, akulira. Ngati zinali zothina bwanji osangonena?

Akutinso masana aliwonse amayi a m'mudzi amasonkhana pansi pa mango wa kuseri kwathu, inu mukuwawerengera bukulo, ndipo mukafika pa zofiira mumakweza mawu. Poyamba ndinakondwa kuti phunziro lafalikira. Koma akuti ku mjigo Habibu ayamba kumutchula kuti Grain wamng'ono, ndipo mkazi wa shehe anafunsa amuna ake pamaso pa alendo kuti mpunga wa chaka chino ndi wa ndani. Ine sindinatumize mapepala amenewo kuti mutsegulire sukulu.

Yahaya akuti inuyo munangomufunsa funso limodzi, loti kodi bambo a Aliya bukuli analimvadi lonse. Iye anayankha kuti ee, analiloweza, ndipo chaputala chomaliza ndi chimene amachikonda kwambiri. Anachita bwino kundisungira ulemu. Akuti inu munangogwedeza mutu n'kulowa m'nyumba, osanena ngakhale chabwino.

Funso limenelo landisowetsa mtendere pang'ono. Mawa ndipempha Mayi Theresa kuti tidutsemo m'machaputala omalizawo, kungodzikumbutsa.

Ndiyankheni. Nanga khola lija?

Kalimu


Pretoria North
5 Okutobala 2003

Kwa amake Aliya,
kudzera kwa amjomba, Ntaja

Asalamu alaikumu. Za umoyo wanga musafunse, sindili bwino. Habibu wandiimbira foni kuti munanyamuka Lachiwiri ndi Aliya, Fadila, makina osokera ndi mbuzi zanu zitatu, osadikira Idi kapena amjomba.

Amake Aliya, Wallahi, bukulo sindinalimve lonse. Machaputala alipo khumi ndi awiri, ndipo pamene ndimatumiza tinali titafika pa chachisanu ndi chinayi. Mayi anaima kaye chifukwa Kevin ankamera mano, ine nthawi yowerenga ndekha ndinalibe. Ndinalemba kuti ndalimva lonse chifukwa mwamuna satumiza malangizo atheka. Ndadziotcha ndekha.

Tsopano ndamva. Ndamva kuti Elube akuyamba kutsokomola koma akulimabe. Ndamva kuti akugwa pambali pa mtondo, chimanga chili chosatha kukonola, ndipo sadzukanso. Ndamva kuti a Grain akubwera kuchokera ku migodi atavala suti, akugula bokosi lokongola, ndipo mudzi wonse ukuwatamanda masamba anayi. Kenako akuluakulu akukhala pansi n'kunena kuti apongozi sangagone ndi njala, choncho akupereka mng'ono wake wa Elube kuti alowe m'nyumbamo, a Grain n'kumugulira nsapato. Pamene mayi anafika pa nsapatopo ndinapsereza malaya a a Phillip. Wolemba akutseka ndi mawu akuti mtondo ukasweka amasema wina pa mtengo womwewo. M'mbali mwake mayi analemba ndi chofiira kuti bukuli likulira maliro a ntchito, osati a munthu. Zonsezi inu mukuzidziwa kale, munaziwerenga mokweza pansi pa mango.

Ndiyankhe chimodzichimodzi. Nsapato zinali za chikwama basi. Duku inali yotchipa. Tsiku limene simudzakhalapo ndinkatanthauza tsiku la ku chigayo kapena ku sikelo. Fadila ndimamuona ngati mwana wanga, mumuuze asiye kubisala akamva kulira kwa galimoto ya Yahaya. Ndipo zimene Elube anapeza sindikukufunirani, ngakhale mdani wanga sindingamufunire.

Nditawafotokozera Mayi Theresa anaseka mpaka kukhala pansi pa khitchini. Atapukuta misozi anapempha kuti nkhaniyi aiike m'mayeso awo, ine ndinakana. Ndiye anati, akutchula dzina lanu, "A Safiya awerenga miyezi iwiri ndipo apeza zimene ine ndazifufuza zaka ziwiri. Kusiyana kwake, iwo anyamuka."

Ku Namwera zinthu sizili bwino. Msana wa Habibu wachira mwadzidzidzi, akutunga madzi yekha, ndipo amayi a ku mjigo amamuimika kumapeto kwa mzere ngakhale afike woyamba. Phala lake amayi akuti ukhoza kuthyola nalo dzino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndayamba ndine kulemba. Bwererani. Ndinalemba kuti ndikukulamulani, koma ndafufuta, mukuona pakuda apo. Ndikukupemphani.

Ine,
Kalimu


Pretoria North
16 Novembala 2003

Amake Aliya,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira Ramadani ikuyenda bwino kwa inu ndi Aliya. Moni kwa amjomba. Kwa Fadila moni wapatali. Ine ndikusala bwino, ngakhale yankho lanu silinafike.

M'mwezi uno munthu sanama, choncho imvani. Ku Rosslyn ntchito inatha mu Febuluwale, sanandiitanenso. Makina ozungulira aja ndi ochapira zovala. Otentha aja ndi simbi. Oyamwa fumbi ndi tsache la magetsi. Ine ndine wantchito wa m'nyumba. Ndimadzuka onse ali mtulo, ndimaphika, ndimakolopa, ndimasintha Kevin matewera, ndimachapa ngakhale zovala zimene sindingazitchule m'kalata yodutsa m'manja mwa amjomba. Masiku ano ndimaphika chakudya chamasana ndili pa swaumu, osalawa mchere, ndipo anthu akadya amafunsa kuti lero chavuta n'chiyani. Ndinkaopa kuti ku Namwera akamva adzati Kalimu wasanduka mkazi ku Joni. Sindinaganizepo kuti ngati ntchitoyi ndi yochititsa manyazi chotere, bwanji ndinkakulemberani mndandanda wake mwezi ndi mwezi.

Lachitatu lapitali ndinachita kafukufuku wanga. Ndinaika nyemba m'thumba lakumanja, ndipo ndikanena kuti chabwino ndinkasamutsira imodzi kumanzere. Pofika swala ya Aswiri, dzuwa litapendeka, thumba lakumanzere linali litalemera. Ndinazikhuthula pa tebulo la Mayi Theresa, pamwamba pa mapepala awo. Zinali makumi atatu ndi imodzi.

Ndinati, "Mayi, Elube wanu ali nazo khumi ndi ziwiri m'buku lonse. Izi ndi zanga, za lero lokha, ndipo dzuwa silinalowe."

Sanaseke. Anazitola n'kupita nazo kwa a Phillip, ndipo anakambirana m'Chingerezi chothamanga chitseko chili chotseka. Zotsatira zake, Loweruka ndimapuma, ndipo a Phillip amadzipangira okha tiyi. Tsiku loyamba anandifunsa kumene kumakhala masupuni, m'nyumba imene akhalamo zaka zinayi.

Loweruka loyamba lopumalo ndinatulutsa kalata zanu zonse m'sutikesi, za zaka zisanu ndi ziwiri, n'kubwereka cholembera chofiira. Ndinkafuna malo amene inu mukunena chimene mukufuna inuyo. Ndinapeza mbuzi, denga, mwendo wa amayi, yunifomu ya Aliya, ngakhale batire la wailesi ya Habibu. Zanu ndinapeza malo amodzi okha, mu 1999, kumapeto kwenikweni, m'zilembo zing'onozing'ono. Munati maso akukuvutani polowetsa ulusi mu singano, ngati magalasi ali otchipa kumeneko. Ndayesa kukumbukira chimene ndinatumiza mwezi umenewo. Linali batire.

Ndinakhala pa bedi kalatayo ili m'manja, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo ngakhale tsiku loyamba kuchapa thewera. Mutu umene umakuwawani madzulo uja, ine n'kumati muzimwa madzi.

M'katoni muli magalasi atatu, ofooka, apakati ndi amphamvu, poti sindikudziwa maso anu afika pati. Muyese onse. Malangizo lero palibe. Ndinayamba kulemba za feteleza koma ndang'amba pepalalo. Chimene ndikupempha ndi chimodzi: Idi ikafika, amjomba asaitane kaye ankhoswe mpaka inu mutandiuza nokha, ndi dzanja lanu, zimene mukufuna.

Kalimu


Pretoria North
11 Januwale 2004

Amake Aliya,

Wa alaikumu salamu. Ndasangalala kumva kuti muli bwino, kuti mutu unasiya, ndi kuti magalasi apakati ndi amene akukwanani. Ofooka mwapatsa amjomba, amphamvu mkazi wa shehe. Mulungu awathandize a shehe. Ine ndili bwino, zala zinapola.

Phukusi lanu lafika. Nditaona kukula kwake ndinayesa ndi mpunga, osadziwa kuti ndi kalata zanga zonse, zitabwerera kwa mwini wake. Sindinadziwe kuti ntchito yoyamba ya magalasiwo idzakhala imeneyi. Cholembera chofiira mwati munabwereka kwa aphunzitsi a Aliya, muwauze kuti ndidzawagulira china chifukwa icho chiyenera kuti chinatha. Malangizo onse mwawadula mzere kunsi, ndipo masamba ena akuoneka ngati mwaphera nkhuku pamwamba pake. Pamene ndinalemba za khasu lobwereka paja mwalemba kuti khasu labwerera kwa eni ake. Pamene ndinafunsa za khola mwalemba kuti mbuzi zilinso ndi bambo.

Kalata yanu ya masamba asanu ndi atatu ndaiwerenga katatu. Ndinayang'ana kumapeto kufuna mawu aja, mulibe. Mwatseka ndi liwu lakuti yankhani. Ndikuyankha.

Zoti ku Namwera simubwereranso, ndamva. Zoti amayi akafuna abwere ku Ntaja ngati mlendo, apo ayi Habibu apitirize maphunziro ake a phala, ndamva. Zoti ndiwauze ndekha amayi ntchito imene ndimagwira, kalata yawo ili m'envulopu ina, ndipo ndalemba dzina la Habibu kuti awawerengere ndi pakamwa pake. Zoti ndikabwera mu Juni ndidzaumbe njerwa kwanu ngati mkamwini aliyense, ndidzaumba. Ndidzaphikanso, mudzaone mmene ndimakazingira anyezi.

Mayi Theresa atamva kuti inu ndi anzanu mwalembanso machaputala atatu omaliza, kuti Elube wagulitsa njinga ya a Grain n'kupita ku chipatala, analumpha kufuna ndiwapemphere machaputalawo kwa inu. Ndawawerengera yankho limene munalemberatu m'kalata yanu: abwere okha adzapemphe, ndipo dzina la aliyense wa pansi pa mango lilembedwe. Anati eish, n'kulemba pa kapepala.

Tsopano mafunso anu atatu, amene mwati ankhoswe akudikira mayankho ake asanadziwe ngati aitanidwe kapena ayi.

Loyamba, ndiwo zimene simuzikonda. Ndinali wokonzeka kulemba kuti mazira, chifukwa nthawi zonse munkandiikira onse m'mbale yanga. Koma cholembera chili m'manja ndayamba kukayika. Mwina munkandipatsa chifukwa anali awiri okha.

Lachiwiri, chipsera cha pa bondo lanu lakumanzere. Ili ndikulidziwa. Munagwa pa netiboli muli Sitandade 6, pa bwalo la sukulu ku Ntaja, ndipo munadzuka n'kugoletsa magazi akutsika. Ndinali nditaima kuseri kwa golo ndi dengu la zitumbuwa za amayi, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba osagulitsa. Nthawi imeneyo munkakuwa kuposa aliyense pa bwalopo. Sindikudziwa kuti mawu amenewo ndinawaika kuti.

Lachitatu, nambala ya phazi lanu. Yahaya anandiuza kuti ndi zosavuta, akhoza kukafunsa Fadila mwakachetechete inu osadziwa. Ndamuletsa. Ine ndi Fadila nkhani za nsapato tinatseka, ndiponso za kuyankha zinthu zimene sindinawerenge ndinalapa.

Sindikuidziwa, amake Aliya. Zaka khumi ndi zitatu tili m'banja, sindikuidziwa. Ngati yankho limeneli ndi loitanitsa ankhoswe, aitanidwe, sindidzatsutsa. Koma m'envulopu muno ndaikamo pepala loyera, lalikulu, lopinda kawiri. Ngati mtima wanu ungalole, muliyale pansi, mupondepo, Aliya azungulize pensulo.

Ine wodikira,
Kalimu